Kusungitsa mabogi onyamula magalimoto pa njanji zazing'ono ku America: polowa mpofewa, potuluka mpamene pali ntchito

Malonda a magalimoto atsopano akayamba kuzilala ku North America, anthu a sitima amadziwa msanga kuposa wina aliyense. Mabogi ataliatali aja otchingidwa ndi malata a timabowo, amene eni ntchito amati autorack, amayamba kuunjikana m'mayadi osowa chonyamula. Bungwe la makampani a sitima la Association of American Railroads, AAR mwachidule, limati pafupifupi magalimoto atatu mwa anayi alionse atsopano ogulidwa ku United States amakwerako sitima pa ulendo wawo wochoka ku fakitale. Ndiye fakitale ikatseka mageti sabata ziwiri zokha, mabogi mazanamazana amakhala opanda kolowera. Bogi yotereyi simungaipatse ntchito ina. Simungathiremo malasha, tirigu kapena mafuta. Ikasowa galimoto yasowa zonse.

Zimenezi zinaoneka poyera kawiri m'zaka zaposachedwapa. Mu 2007 ku United States kunagulidwa magalimoto oposa pang'ono 16 miliyoni, koma mu 2009 anatsika kufika pa 10.4 miliyoni, chaka chomwe Chrysler ndi General Motors anakadzipereka kukhoti kuti alephera kubweza ngongole. Pakati pa chaka chimenecho mabogi a mitundu yonse opitirira 500,000 anali chiimire, pafupifupi imodzi mwa atatu alionse. Mu 2020 mafakitale anatseka chapakati pa March chifukwa cha Covid-19, ndipo ambiri anatsegula pa 18 May. Mu April chaka chimenecho mabogi odzaza magalimoto ndi zipangizo zake anachepa ndi maperesenti opitirira 80 poyerekeza ndi April wa 2019, ndipo pofika July mabogi osungidwa anadutsanso theka la miliyoni. Pa kawerengedwe ka AAR, bogi imalowa m'gulu la zosungidwa ikatha masiku 60 osanyamula katundu.

Funso nlakuti mabogi onsewa amaima pati. Makampani akuluakulu a sitima alipo asanu ndi imodzi tsopano, BNSF, Union Pacific, CSX, Norfolk Southern, CN ndi CPKC, ndipo palibe amene amafuna bogi yopanda ntchito izitseka njira m'yadi mwake. Apa mpamene amadyerapo makampani ang'onoang'ono otchedwa short line, omwe alipo pafupifupi 600. Ambiri anagula nthambi za njanji zimene makampani akuluakulu anazitaya pambuyo pa lamulo la Staggers la 1980, lomwe linachepetsa ulamuliro wa boma pa makampani a sitima, ndipo ali ndi mamailosi a njanji yomwe sitima imadutsapo mwa apo ndi apo kapena siidutsanso n'komwe. Ena ndi oima paokha, ena ali pansi pa makampani monga Genesee & Wyoming, Watco ndi OmniTRAX. Kwa eni mabogi osowa ntchitowa, chimene amagulitsa ndi malo oimikapo basi. Ntchito imeneyi ndi imene tikuiunika pano, makamaka kwa mwini ma autorack kapena amene anawatenga pa lendi. Maganizo athu tinenerethu: ntchitoyi ndi yofunika ndipo palibe njira ina yotchipa kuposa iyi, koma anthu ambiri amaisankha poyang'ana mtengo wa pa tsiku, pamene chofunika kuyang'ana ndi m'mene mabogi adzatulukire.

Tiyambe ndi ndalama, poti ndi pamene aliyense amayambira. Bilu imakhala ndi zigawo zitatu kapena zinayi: ya pa tsiku pa bogi iliyonse, yolowetsera, yotulutsira, ndiponso ina yapadera mukafuna bogi yakutiyakuti yomwe ili pakati pa mzere, imene amati cherry picking. Mitengo imasiyana kwambiri malinga ndi dera komanso nyengo ya msika, ndipo imakwera nthawi yomweyo imene aliyense akusaka malo. Tingoyerekeza ndi manambala athuathu kuti kawerengedwe kaoneke. Tinene kuti muli ndi mabogi 200, pa tsiku akuti madola 4, kulowetsa madola 250, kutulutsa 250. Mukasunga masiku 90, ya pa tsiku ikwana madola 72,000, koma yolowetsa ndi kutulutsa ikwana 100,000. Ya pa tsiku imadzafanana ndi inayo pakatha masiku 125. Ndiye amene akusungitsa miyezi itatu yokha n'kumalimbana kuti amuchotsere masenti 50 pa tsiku akulimbira pachabe, ndalama yeniyeni ili pa zipata ziwiri, cholowera ndi chotulukira. Pamwamba pake wonjezerani ndalama yokokera mabogi opanda kanthu kupita kumaloko ndi kubwerako, komanso lendi ya bogi yomwe siima chifukwa choti bogiyo yaima.

Kutalika kwa autorack kumasinthanso masamu onse. Pansi pake ndi bogi yafulati ya mafiti 89, ndipo kuchokera pa cholumikizira china kufika pa china ndi pafupifupi mafiti 94, kapena mamita 28 ndi theka. Pa mailo imodzi pamakwana ma autorack 56 okha, pamene mabogi a mafiti 60 amakwanapo 88. Mabogi 200 aja akufuna njanji ya mamailosi atatu ndi theka, makilomita pafupifupi 6, tisanawerengere mipata yosiyidwa pamene misewu yadutsa njanji. Eni njanji amadziwa zimenezi. Ena amalemba mtengo wooneka wotsika, kenako pansi m'timalemba tating'ono n'kunena kuti mtengowo ndi wa bogi yosapitirira utali wakuti, yotalikirapo amawerengera pa fiti. Ngati muyeso wawo ndi mafiti 60, madola 4 aja asanduka 6 ndi kanthu. Sikuti akuba, malo ndi amene akugulitsa, koma funsani musanasaine.

Chachiwiri ndi msinkhu, ndipo apa pamagwa anthu amene anazolowera kusungitsa mabogi amafuta kapena a mbewu. Autorack wamba ndi wa mafiti pafupifupi 19 kuchokera pa njanji, ndipo ataliatali monga Auto-Max wa kampani yopanga mabogi ya Greenbrier amafika mafiti 20 ndi mainchi 2, kupitirira mamita 6. Bogi wamba yotseka ndi ya mafiti 15 ndi theka mpaka 17. Nthambi zambiri za njanji zinamangidwa kalekale, milatho yake, ngalande zoboola mapiri ndi mawaya odutsa pamwamba sizinayezedwere bogi yotere. Kampani yodziwa ntchito imakupatsani muyeso wolembedwa wa pamalo potsikitsitsa pa njira yonse, kuchokera pamene imalandirira mabogi kufika pamene idzawaimike. Ikangokuyankhani kuti "amadutsa bwinobwino", pemphani pepala. Mitengo yomera m'mbali mwa njanji nayo ndi vuto. Njanji yomwe yakhala zaka osadutsa chinthu chachitali imakhala itaphimbidwa ndi nthambi, ndipo nthambi zimenezo zimakala malata a m'mbali, kupinda denga ndi kuthyola zitsulo za zitseko. Kudula nthambi ndi ntchito ya mwini njanji, ndipo kuchitike mabogi asanafike.

Za njanji yeniyeniyo sitichulutsa. Yambiri yosungirapo ili m'gulu limene boma, kudzera ku Federal Railroad Administration, limati excepted track, pomwe sitima siloledwa kupitirira mamailosi 10 pa ola. Kuima pamenepo bogi imaima ndithu. Koma matabwa ogonekapo njanji amapitiriza kuola pansi pa mabogi, ndipo woyendera sangaone bwino njanji yomwe yaphimbidwa ndi mzere wa makilomita 6. Mpata wa pakati pa njanji uyenera kukhala mafiti 4 ndi mainchi 8 ndi theka, ndipo pa njanji ya gulu limeneli malire ake ndi mafiti 4 ndi mainchi 10 ndi kota. Ukadutsa pamenepo wilo limagwera m'kati. Izi zimachitika tsiku lotulutsa, makamaka pa ngodya, chifukwa bogi yaitali yopanda katundu ikakokedwa mwamphamvu pokhota imafuna kuwongoka ngati chingwe. Woyendetsa wosazolowera mabogi ataliatali akakoka 60 nthawi imodzi pa ngodya yothina, zotsatira zake zimadziwika.

Tsopano nkhani yotulutsa, yomwe kwa ife ndiye muyeso weniweni wa ntchitoyi. Malo ambiri osungirako ndi njanji imodzi yothera potsekeka. Yolowa koyamba imatuluka komaliza. Mukafuna mabogi 30 amene anapita kumapeto, ayenera kukoka onse a kutsogolo, kupeza poti awaimike, kutulutsa anuwo, n'kubwezeranso enawo. Nthawi zina a kutsogolowo si anu n'komwe, ndi a kasitomala wina amene anabwera pambuyo panu ndipo sakufulumira. Ndalama ya cherry picking imachokera apa, ndipo si yopanda chifukwa, poti ndi tsiku lathunthu la injini, dizilo ndi anthu awiri. Koma choopsa si ndalamayo, ndi nthawi. Short line zambiri zimayendetsa sitima kawiri kapena katatu pa sabata, ndipo njanji yomwe zimapatsirana mabogi ndi kampani yaikulu imakhala yaifupi. Ikakhala yokwana ma autorack 25, mamita 700 ndi kupitirira pang'ono, ndipo sitima ikubwera kawiri pa sabata, mabogi 200 atuluka m'maulendo 8, womwe ndi mwezi wathunthu. Uko n'kuti kampani yaikuluyo ikutenga mzere uliwonse pa nthawi yake, zomwe sizichitika sabata zonse.

Mwezi umenewo ndi wautali pa malonda a magalimoto, chifukwa chakudza sichiimba ng'oma. Mu 2020 mafakitale atatsegula, ntchito inabwerera mofulumira kuposa mmene ambiri ankaganizira. Mu 2021 kusowa kwa tizipangizo ta kompyuta ta m'magalimoto kunaimitsanso mafakitale, mabogi n'kukhalanso. Pofika 2023 nkhani inatembenuka, opanga magalimoto ankadandaula kuti ma autorack akusowa ndipo magalimoto opangidwa kale ankangodzaza m'mabwalo. Chaka chomwecho sitalaka ya bungwe la ogwira ntchito la UAW, kuyambira pa 15 September mpaka kumapeto kwa October, inazimitsa mafakitale ena a Ford, General Motors ndi Stellantis, ndipo mu December boma linatseka kwa masiku angapo milatho ya sitima ya ku Eagle Pass ndi El Paso, pa malire a United States ndi Mexico, njira zomwe magalimoto ambiri opangidwa ku Mexico amalowera. Msika woterewu sufuna malo oti bogi ikalowa yalowa. Kampani imene ili ndi njanji zingapo zogundana, zotseguka mbali zonse ziwiri, pafupi ndi polandirira, ndi yoyenera mtengo wokwera ngakhale kuwirikiza. Funsani funso limodzi lokha, molemba: tikapempha lero, mudzatulutsa mabogi angati pa sabata, ndipo oyamba adzatuluka patapita masiku angati?

Pali kusiyana kumene ogulitsa malo sakufotokozerani chifukwa si nkhani yawo, koma kumasintha chosankha chanu. Autorack ya nsanjika zitatu, tri-level, imanyamula magalimoto aafupi mpaka 15. Ya nsanjika ziwiri, bi-level, imanyamula 8 mpaka 10 koma imalola magalimoto aatali monga ma SUV ndi mapikapu. Ogula ku United States anasamukira ku magalimoto aataliwa, moti tsopano ndi pafupifupi anayi mwa asanu alionse ogulidwa. Ford inalengeza mu April 2018 kuti ikusiya pafupifupi masaluni onse ku North America, ndipo General Motors inaimitsa fakitale ya Lordstown ku Ohio, yomwe inkapanga Chevrolet Cruze, mu March 2019. Ndiye tri-level ikapita kosungidwa kawirikawiri imakhalitsa, mwina mpaka idzapite ku shopu kukaichotsa nsanjika imodzi kapena kukaiphwanya. Bi-level imaitanidwa msanga. Nzeru yake ndi yoonekeratu koma ambiri amaiphonya: tri-level ipite kutali kotchipa, kumapeto kwa mzere, bi-level ikhale pafupi ndi chipata. Musalole kuti azisakanize pa njanji imodzi mmene zafikira. Mabogi osinthika monga Multi-Max, amene nsanjika zake zimasunthika, awerengereni ngati bi-level.

Bogi yoima imawonongeka mwa njira yakeyake, ndipo apa mpamene ntchito ya kampani yosamala imasiyanirana ndi ya kampani yongolandira ndalama. Mabuleki ndiwo oyamba. Mpweya wa m'mapaipi, womwe poyenda umakhala pa 90 psi (muyeso wa mphamvu ya mpweya), umatha pang'onopang'ono injini ikachoka, choncho lamulo sililola kudalira mabuleki a mpweya poimika mabogi opanda munthu. Amamanga mabuleki a pamanja okwanira, kenako n'kumasula a mpweya kuti aone ngati mzere sukusuntha. Mzere ukadulidwa pa msewu uliwonse wodutsa, chidutswa chilichonse chimafuna mabuleki akeake. Vuto limadza potulutsa. Pakatha chaka, wogwira ntchito wina amene sanamange mabulekiwo ndiye amabwera kudzamasula, ndipo ngati palibe pamene analemba kuti anamanga bogi ziti, imodzi kapena ziwiri zimaiwalika. Wilo lomangika limakwekwerezeka pa njanji n'kudyeka malo amodzi kukhala fulati. Fulati yopitirira mainchi 2 ndi theka boma siilola pa njanji, ndipo malamulo a AAR amachotsa wilo likangofika mainchi 2. Mankhwala ake ndi kusintha mawilo awiri ndi ekiselo yake. Kampani yabwino imasunga m'ndandanda wa mabuleki omangidwa ndipo imayendera mzere wonse wapansi isanakoke.

Mavavu a mabuleki nawo sakonda kukhala. Mphira za m'kati zimauma, girizi amalimba, ndipo mavu omanga ndi dothi amakonda timabowo totulutsira mpweya. Kachisa ka dothi kosaposa chala chachikulu, katatseka bowo limodzi, n'kokwanira kuti buleki ikane kumasuka, bogi ya matani 50 n'kubwezedwa pa chipata. Palinso kalendala yomwe siima. Bogi iliyonse iyenera kuyesedwa mabuleki payokha zaka 5 zilizonse, yatsopano pakatha zaka 8, ndipo ikalowa pa njanji yokonzera isanayesedwe m'miyezi 12 yapitayo amaiyesa pomwepo. Tsiku loyesedwa limaoneka mu Umler, kaundula wa mabogi yemwe amasungidwa ndi Railinc, kampani ya AAR. Musanatumize mabogi, tulutsani masiku amenewa, ndipo amene nthawi yawo ithere kosungidwako aikeni pamodzi pofikirika. Funsaninso ngati kampaniyo ili ndi amakaniko ndi chipangizo choyesera, kapena ngati imalola amakaniko akunja kulowa m'malo mwake. Ena salola, ena amalipiritsa.

Madzi ndiye mdani wamkulu, ndipo sitikunena mvula. Njanji zambiri zakale zinatsata zigwa za mitsinje chifukwa ndi mosatsetsereka. Beyaring'i ya wilo ikamira m'madzi osefukira, malamulo a AAR amati ichotsedwe, ngakhale ikuoneka yabwinobwino kunja, chifukwa madzi ndi matope zikalowa m'girizi dzimbiri limayamba m'kati, ndipo beyaring'i yotere imadzatentha n'kudula ekiselo sitima ili pa liwiro. Bogi ili ndi ma ekiselo 4 ndi mabeyaring'i 8. Mabogi 200 akamira, ndi ma ekiselo 800 oti asinthidwe, kumalo kopanda shopu. Tri-level ili pangozi yoposa, chifukwa kuti nsanjika zitatu zikwane anaitsitsa pansi n'kuiika mawilo a mainchi 28 m'malo mwa 33. Pakati pa ekiselo yake pali mainchi 14 okha kuchokera pamwamba pa njanji, osakwana masentimita 36, ndipo m'munsi mwa beyaring'i ndi motsikirapo. Madzi ofika m'mawondo amaliza nkhani. Mawilo a mainchi 28 si shopu iliyonse imene imawasunga. Mapu a boma osonyeza madera osefukira alipo aulere pa intaneti, ndipo kuyerekeza mapuwo ndi malo enieni amene mabogi adzaime ndi ntchito ya mphindi 20. Tikuti malo enieni, osati adiresi ya ofesi.

Dzimbiri la pa mawilo lili ndi vuto lina limene anthu saliganizira. Zizindikiro za pa njanji ndi mageti a pa misewu zimadziwa kuti sitima yafika chifukwa mawilo amalumikiza magetsi pakati pa njanji ziwiri. Wilo lochita dzimbiri, pansi pa bogi yopepuka, nthawi zina sililumikiza bwino mpaka litapalika. N'chifukwa chake makampani akuluakulu amasamala nawo mabogi ochokera kosungidwa, ndipo mzere wanu ukhoza kuyenda pang'onopang'ono kuposa mmene mumayembekezera.

Kenako nyumba ya pamwamba ija, yomwe ndi imene imapanga autorack kukhala autorack. Katundu wake ndi galimoto yatsopano ya penti yonyezimira, ndipo fakitale siilandira bogi yomwe ikuyoyola dzimbiri kuchokera pa denga kapena pansi pa nsanjika. Zitseko za kumapeto zimayenda pa tinjira tachitsulo tomwe timadzaza fumbi, masamba ndi zisa za mbalame, maloko n'kuuma. Chitseko chimene chasiyidwa chosakhoma chimaitana anthu ogona momwemo ndi ana osewera, ndipo zotchingira mateyala a magalimoto, zomwe zimapachikidwa m'mbali mwa khoma m'kati, zimasowa chimodzichimodzi. Bogi yoperewera zotchingira siingapakiridwe. Zida za mafuta zochepetsa kugunda, zomwe zili kumbuyo kwa cholumikizira mbali zonse, zimadontha mafuta mphira zake zikauma, ndipo dontho lake limaoneka ngati banga lakuda pa miyala pansi pa bogi. Woyendera wodziwa amayang'ana pansi, osati m'mwamba mokha. Ojambula ndi penti yopopera ndiye amaona khoma la mamita 27 ngati mphatso. Zojambulazo pazokha sizilepheretsa bogi kuyenda, koma zikaphimba nambala ya bogi kapena timapepala tonyezimira usiku tomwe boma limafuna m'mbali, pamafunika kukonza isanatuluke.

Ndani amalipira zonsezi? Apa ntchitoyi sitiyamikira kwenikweni. Makontirakiti ambiri amati kampani ikubwereketsa malo, siikulondera, ndipo kuba, moto, madzi, mphepo ndi zowononga anthu zili pa mutu pa mwini bogi ndi inshuwalansi yake. Mphepo titchule dala, chifukwa autorack yopanda kanthu ndi khoma lalitali lopepuka, ndipo pa chigwa chopanda mitengo mkuntho umaigubuduza. Chimene kampani imavomera nthawi zambiri ndi chokhacho chowonongeka pamene antchito ake akukoka. Kuti mudzathe kusiyanitsa, pafunika kuyendera pamodzi polowa, ndi zithunzi za mbali zonse, zitseko, denga ndi chiwerengero cha zotchingira, kenako kuyenderanso potuluka. Nkhani imavutirapo chifukwa autorack yambiri ili ndi eni awiri. Bogi yafulati ya pansi kawirikawiri ndi ya TTX, kampani yomwe eni ake ndi makampani a sitima omwewo, n'chifukwa chake mumaona zilembo monga TTGX ndi ETTX, pamene nyumba ya pamwamba ndi ya kampani ya sitima imene chizindikiro chake chili pa khoma. Kontirakiti inene momveka kuti chowonongeka chapansi akauza ndani, chapamwamba akauza ndani, ndipo m'masiku angati.

Anthu okhala m'mbali mwa njanji nawo ali ndi mawu, ngakhale mphamvu alibe. Ku New Castle, m'chigawo cha Indiana, ma autorack opitirira 100 anaima pakati pa tauni kuyambira 2008 kwa chaka ndi kupitirira, ngati mpanda wodula tauni pakati, ndipo nkhaniyo inamveka dziko lonse. Khonsolo ya tauni siingachite zambiri, chifukwa lamulo la 1995 linaika nkhani za njanji m'manja mwa bungwe la boma lalikulu la Surface Transportation Board. Kwa short line yosowa katundu ndalama ya kusunga ndi imene imalipira antchito nthawi ya njala, ndipo walira mvula walira matope. Koma dzina lolembedwa pa bogi ndi lanu kapena la amene anakubwereketsani, osati la mwini njanji, ndipo ndi limene limatuluka pa zithunzi. Malo akunja kwa tauni, kapena yadi ya fakitale yotsekedwa yokhala ndi mpanda, amachepetsa madandaulo ndi kuba pamodzi.

Mwa malo onse amene amapezeka, yadi ya fakitale yakale, ya pamalo opangira magetsi a malasha omwe anazimitsidwa, kapena ya kampu yakale ya asilikali ndi imene timaiika patsogolo pa ma autorack. Imakhala ndi njanji zambiri zazifupi, mpanda, msewu wofikira galimoto ya amakaniko, ndipo nthawi zambiri ili pokwera. Njanji yozungulira ya pamalo a malasha ndi yabwino koposa chifukwa inamangidwira sitima yathunthu yolemera, bola muyeze msinkhu wa nyumba yotsitsira malasha ngati njira ikudutsa m'menemo. Nthambi yaitali ya kumudzi ikhale ya tri-level zomwe simukuziyembekezera chaka chino, ndi mabogi omwe akuyandikira zaka 50, malire amene bogi imaloledwa kuyenda pakati pa makampani popanda chilolezo chapadera. Bogi ya zaka 47 ikakhala zaka ziwiri chiimire, yatsala ndi chimodzi, ndipo kuwerengetsa ndalama yoisunga, yoikonza ndi yoikokera kubwerera kumasonyeza kawirikawiri kuti wogula zitsulo zakale akanaitenga tsiku loyamba lomwe.

Mu kontirakiti musasiye zinthu izi pa mawu a pakamwa: chiwerengero chotuluka pa sabata ndi masiku odziwitsiratu, kuti ndalama ya pa tsiku imasiya kuwerengedwa tsiku liti, lomwe mwapempha kapena lomwe bogi yafika pa chipata, kuti mabogi a kasitomala wina sadzaikidwa kutsogolo kwa anu popanda kukuuzani, komanso kuti mwezi uliwonse azikutumizirani m'ndandanda wa nambala za mabogi motsatana mmene aimira pa njanji iliyonse. Mfundo ya tsiku losiya kuwerengera ndi imene imabweretsa mikangano yambiri. Ngati wotchi imayenda mpaka bogi itatuluka, kampani yochedwa kutulutsa ikulandira ndalama chifukwa cha kuchedwa kwake komwe. Mawu amene amathandiza ndi akuti kuwerengera kumaima pakatha masiku akuti chiperekereni pempho, kaya bogi yatuluka kaya ayi, kupatula ngati yochedwetsa ndi kampani yaikulu yolandira. Makampani odzidalira amavomera mfundo imeneyi osavuta. Amene ali ndi injini imodzi yokalamba ndi njanji imodzi yotsekeka kumapeto amayamba kuzungulira, ndipo yankho lawo pa mfundoyi limakuuzani zambiri za malowo kuposa zithunzi za pa webusaiti yawo.